Sizoni ya 2024 ya masewero a pa TV ku America: wailesi zakale zavomereza msinkhu wa oonera

Chaka chilichonse mwezi wa Sepitembala ukafika, wailesi zikuluzikulu za kanema za ku United States, zomwe ndi ABC, CBS, NBC ndi Fox, zimatulutsa masewero atsopano pafupifupi nthawi imodzi, ndipo masewero akale amene anali atapumula m'miyezi yotentha amayambiranso. Chaka chino cha 2024 mwambo umenewu unadikiridwa kwambiri, chifukwa iyi ndi sizoni yoyamba yathunthu chichitikire sitiraka ya olemba masewero ndi ya ochita zisudzo imene inaimitsa ntchito ku Hollywood chaka chatha. Ndikulemba izi pakati pa Novembala 2024, pamene masewero ambiri atsopano aonetsedwa kale magawo okwanira kuti munthu awaweruze mosakondera, ndipo maganizo anga ndi akuti wailesi zimenezi zasiya kudzinamiza kuti zikulankhula ndi achinyamata. Zazindikira anthu amene amazionera, ndipo pamene zavomereza zimenezi moona mtima m'pamene zatulutsa masewero abwino kuposa ena onse a chaka chino.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake masewero a m'nyengo ino amakhala momwe aliri, ayenera kuyamba wadziwa mmene amagulitsidwira. Kalendala yoyambira mu Sepitembala ndi yakale kwambiri, ndipo inakhazikika chifukwa pa nthawiyi mabanja amakhala atabwerako kutchuthi, ana atatsegulira sukulu, dzuwa litayamba kulowa msanga, komanso makampani opanga magalimoto, omwe anali m'gulu la otsatsa malonda akuluakulu, ankatulutsa magalimoto awo atsopano m'miyezi yomweyi. Komabe malonda enieni amachitika mu Meyi, pamene wailesizi zimasonkhanitsa otsatsa malonda mumzinda wa New York n'kuwaonetsa ndandanda ya zimene zidzaulutsidwe, ndipo otsatsawo amalipiriratu nthawi ya malonda awo kudakali miyezi ingapo kuti sewero liyambe. Choncho wailesi imagulitsa chinthu chimene palibe woonera amene wachionapo, ndipo pa malonda otere chosavuta kugulitsa ndi dzina limene wogulayo akulidziwa kale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mabwana a wailesizi amautsatira mwambi umenewu mokhulupirika ngakhale kuti sanaumvepo.

Sitiraka ya chaka chatha inangowonjezera mantha amenewa. Bungwe la olemba la Writers Guild of America linanyanyala ntchito kuyambira pa 2 Meyi mpaka pa 27 Sepitembala 2023, masiku 148, ndipo bungwe la ochita zisudzo la SAG-AFTRA linalowa nawo pa 14 Julayi n'kudzamaliza pa 9 Novembala. Madandaulo awo anali okhudza malipiro ochepa amene amalandira masewero awo akamaonetsedwa pa intaneti, kuchepa kwa olemba amene amapatsidwa ntchito pa sewero lililonse, ndiponso luso la makompyuta la AI limene ankaopa kuti liwalanda ntchito. Zotsatira zake zinali zakuti kumapeto kwa 2023 wailesi zinadzaza nthawi ndi mipikisano, masewero ogulidwa kunja ndi ena obwereza, moti CBS inafika poonetsa Yellowstone, sewero limene anthu anali ataliona kale pa wailesi ina. Masewero odziwika atabwerera kumayambiriro kwa 2024, ambiri anali ndi magawo 10 kapena 13 okha m'malo mwa 22 amene anthu anazolowera. Ena mwa amene tikuwatcha atsopano lerowa, monga Matlock ndi High Potential, anavomerezedwa mu Meyi 2023 ndipo anangokhala chodikira kwa chaka chathunthu.

Mukayang'ana ndandanda ya chaka chino mupeza kuti mayina ambiri mukuwadziwa. NCIS: Origins latuluka mu NCIS, sewero limene linayamba mu 2003 ndipo nalonso linatuluka mu JAG. Georgie & Mandy's First Marriage lachokera ku Young Sheldon, lomwe linachokera ku The Big Bang Theory. Matlock latenga dzina la sewero limene linkaulutsidwa kuyambira 1986 mpaka 1995, High Potential ndi sewero la ku France lotchedwa HPI limene alikonzanso kuti nkhani yake izichitikira ku Los Angeles, ndipo The Golden Bachelorette ndi mtundu winanso wa mpikisano wofunafuna banja umene unayamba mu 2002. Pambali pa amenewa pali masewero a nkhalakale amene sakusuntha: Grey's Anatomy lili mu sizoni ya 21, NCIS mu ya 22, Law & Order: SVU mu ya 26, The Simpsons mu ya 36, ndipo Saturday Night Live lafika mu ya 50. N'zosavuta kunyoza ndandanda yotereyi kuti ndi ya anthu amene nzeru zawathera. Ine sindikuona kuti dzina lakale palokha ndi vuto, chifukwa chimene chimandisunga pampando ndi nkhani imene yabisala pansi pa dzinalo.

Pali chinthu chimene ziwerengero za kampani ya Nielsen, yomwe imayeza kuchuluka kwa oonera, zakhala zikuonetsa kwa zaka zambiri. Mu 1983 gawo lomaliza la M*A*S*H linaoneredwa ndi anthu opitirira 100 miliyoni usiku umodzi, pamene lero sewero limene lakopa anthu 10 miliyoni limatengedwa kuti lachita zazikulu. Mu Julayi 2022, kwa nthawi yoyamba, anthu a ku America anathera nthawi yochuluka akuonera za pa intaneti kuposa wailesi zolipira zobwera pa waya (cable). Amene atsala okhulupirika ku ABC, CBS ndi NBC madzulo alionse ndi achikulire, moti theka la iwo anapitirira zaka 60. Kwa nthawi yaitali wailesizi zinkachita manyazi ndi zimenezi, popeza otsatsa malonda amalipira bwino pa oonera a zaka zapakati pa 18 ndi 49, ndipo sewero lokondedwa ndi agogo linkatha kuthetsedwa ngakhale linali ndi oonera ambiri. Mayi Kathy Bates anakumana nazo okha mu 2012, pamene NBC inathetsa Harry's Law, sewero limene ankasewera ngati loya, ngakhale kuti linali limodzi mwa masewero oonedwa kwambiri pa wailesiyo; mlandu wake unali wakuti oonerawo ndi okalamba. Mu 2024 mayi omwewo, ali ndi zaka 76, ndi amene akutsogolera Matlock pa CBS. Mayi Reba McEntire a zaka 69 ali ndi sewero lawo pa NBC, ndipo a Don Johnson a zaka 74 akusewera ngati kaputeni wa sitima yapamadzi pa ABC.

Matlock ndi sewero limene landigwira mtima kuposa onse, ndipo amene sanaonere gawo loyamba ndipo sakufuna kudziwiratu mathero ake angachite bwino kudumpha ndime yotsatirayi ndi inzake. Nkhani imayamba ndi mayi wachikulire wotchedwa Madeline Matlock, amene amauza anthu kuti ndi wamasiye, mwamuna wake anamusiyira ngongole, akulera mdzukulu, ndipo akufuna kubwerera pa ntchito ya uloya imene anaisiya zaka pafupifupi 30 zapitazo. Mmene amalowera m'kampani ya maloya ya Jacobson Moore ku New York n'zimene zinandikopa poyamba. M'sitolo yogulitsa khofi amachedwa dala pafupi ndi loya wa mbali ina amene akulankhula za mlandu pa foni, ndipo loyayo satsitsa mawu n'komwe, chifukwa m'maganizo mwake gogo wotere sangatolepo kanthu. Pa chipata cha nyumba ya maofesi amayamba kufufuza khadi m'chikwama mwake mosathamanga, mpaka munthu wina amamutsegulira poganiza kuti akuthandiza nkhalamba yoiwala. Akafika m'chipinda cha mabwana amawauza ndalama zenizeni zimene mbali inayo ili yokonzeka kulipira, kenako amawafotokozera kuti mkazi akakalamba anthu amasiya kumuona, ndipo kusaonekako kuli ndi phindu lake.

Zikanathera pamenepo, likanakhala sewero lokoma koma wamba la gogo wochenjera amene amagonjetsa achinyamata onyada. M'mphindi zomaliza za gawolo mayiyu amakwera basi ngati munthu wosauka, amatsika patsogolo pang'ono, n'kulowa m'galimoto yapamwamba yokhala ndi dalaivala wake, imene imamutengera ku nyumba yaikulu kumene mwamuna wake, wamoyo ndithu, akumudikira. Dzina lake lenileni ndi Madeline Kingston, ndi wolemera, ndipo dzina la Matlock analitola dala ku sewero lakale lija. Mwana wake wamkazi anamwalira chifukwa cha mankhwala opha ululu a mtundu wa opioid, ndipo mayiyu akukhulupirira kuti mmodzi mwa maloya atatu a pa kampaniyo anabisa zikalata zimene zikanachititsa kuti mankhwalawo achotsedwe pamsika zaka 10 m'mbuyomo. Kwa woonera wa ku America imeneyi si nthano yakutali. M'zaka za 2021 mpaka 2023 anthu oposa 100,000 ankafa chaka chilichonse m'dzikolo chifukwa chomwa kapena kudzibaya mankhwala mopitirira muyezo, ndipo mu Juni chaka chino khoti lalikulu la dzikolo linakana mgwirizano umene ukanateteza banja la Sackler, eni ake a kampani ya Purdue Pharma, kuti asamasumiridwe pa nkhani ya mankhwala a OxyContin. Pali agogo ambiri kumeneko amene akulera zidzukulu pa chifukwa chomwechi, ndipo ena mwa iwo ndi amene amakhala ataonera CBS Lachinayi usiku.

Chimene ndikuyamikira mwa mlembi wake, Jennie Snyder Urman, n'chakuti wagwiritsa ntchito dzina lakalelo kutipusitsa ife oonera m'njira yomweyo imene Madeline amapusitsira anzake a kuntchito. Tinabwera tikuyembekeza sewero lofewa la agogo, tinalipeputsa monga momwe loya wa pa foni uja anapeputsira mayiyu, ndipo tinagwidwa. Magawo otsatira awonjezera chinthu china chovuta, chifukwa Madeline wayamba kumukonda Olympia, bwana wake amene akuseweredwa ndi Skye P. Marshall, pamene Olympia yemweyo ndi mmodzi mwa atatu amene akuwakayikira. Nthawi iliyonse imene awiriwa akusekera limodzi, woonera amadziwa kuti ubwenziwo wamangidwa pa bodza, ndipo mayi Bates amatha kuonetsa pa nkhope yawo chikondi ndi chinyengo nthawi imodzi popanda kulankhula. Zofooka zilipo. Milandu ya sabata iliyonse nthawi zina imatha mosavuta mopitirira, umboni wofunika n'kungopezeka khoti litatsala pang'ono kutseka, ndipo chizolowezi chobwerera m'mbuyo kumapeto kwa gawo lililonse kuti tione mmene mayiyu anachitira chinyengo chake chayamba kudziwikiratu. Ngakhale zili choncho sindinadabwe kumva kuti CBS inavomereza sizoni yachiwiri mu Okutobala momwemo, seweroli litangoyamba kumene.

High Potential, limene linayamba pa ABC pa 17 Sepitembala, lili ndi mutu wofanana ndi umenewu ngakhale kuti ndi lopepukirapo. Kaitlin Olson akusewera ngati Morgan, mayi wolera yekha ana atatu amene amakolopa maofesi a polisi ya ku Los Angeles usiku. Tsiku lina akuvina uku akugwira ntchito amagwetsa mapepala a mlandu, ndipo powatola amaona kuti apolisi asokonekera; pa bolodi pamene analemba kuti mayi wina ndi woganiziridwa mlanduwo, iye amakhwatcha n'kulemba kuti ndi wolakwiridwa. Apanso tili ndi munthu amene anthu samuona, pano osati chifukwa cha ukalamba koma chifukwa cha ntchito yake ndi kavalidwe kake. Ndakonda kuti nzeru zake zochulukazo sizinamubweretsere mtendere, popeza sakhalitsa pa ntchito, amavutika kugona, ndipo maganizo ake salola kusiya chinthu chisanalongosoke. Milandu yake si yozama, ndipo wapolisi wotsatira malamulo amene wapatsidwa kuti azigwira naye ntchito, yemwe akuseweredwa ndi Daniel Sunjata, ndi munthu amene tamuonapo m'masewero osawerengeka. Koma Olson ali ndi changu chimene chimanyamula sewero lonse, ndipo ola limatha munthu osazindikira.

Pamene dzina lakale lalemera kwambiri kuposa nkhani ndi pa NCIS: Origins. Seweroli likutibwezera ku 1991, ku malo a asilikali a Camp Pendleton m'chigawo cha California, pamene Gibbs, mkulu wa ofufuza milandu mu NCIS, anali wachinyamata ndipo mkazi wake ndi mwana wake anali atangophedwa kumene. Austin Stowell ndi amene akusewera ngati Gibbs, pamene a Mark Harmon, omwe anakhala pa mbali imeneyi kuyambira 2003 mpaka 2021, kwenikweni akumveka mawu akufotokoza nkhani. Lajambulidwa mwaluso ndipo ndi lachisoni kuposa NCIS yeniyeniyo, koma woonera wakale akudziwa kale amene anapha banjalo, zimene Gibbs anachita pobwezera, ndi munthu amene iye adzakhale. Ndaona kuti seweroli limakhala ndi moyo kamera ikamusiya Gibbs n'kutsata anzake, makamaka bwana wake Mike Franks ndi wapolisi wamkazi amene akulimbana kuti amuna a mu ofesiyo azimumvera, m'nthawi imene umboni unkasungidwa m'mafaelo a mapepala ndipo munthu ankafunafuna foni ya m'mbali mwa msewu kuti aimbire ku ofesi.

Georgie & Mandy's First Marriage ndinaliyamba ndili ndi chikayiko ndipo chikayikocho sichinatheretu. Young Sheldon, lomwe linatha mu Meyi patapita masizoni 7, linkajambulidwa ngati filimu, popanda phokoso la anthu oseka. Latsopanoli labwerera ku njira yakale yojambulira pamaso pa anthu mu situdiyo, ndipo a Chuck Lorre ndi anzawo ankadziwa kuti ena adandaula, moti gawo loyamba limatsegula ndi Georgie, mkulu wake wa Sheldon, akuonera sewero la nthabwala la Frasier n'kumayamikira masewero amene mumamveka anthu akuseka. Nthabwala imeneyo ndi yanzeru. Chovuta n'chakuti nkhani yokhudza mtima kwambiri m'seweroli ndi ya mnyamata amene bambo ake amwalira posachedwa, amene akukhala kwa apongozi ake ku Texas ndi kugwira ntchito pa shopu yawo ya matayala, uku akuyesetsa kusamalira mayi ake ndi mlongo wake. Montana Jordan amaisewera bwino mbali imeneyi, koma kuseka kwa gulu kumabwera msanga ndipo sikupatsa chisoni mpata wokhazikika.

Masewero awiri atsopano a m'chipatala akusiyana kwambiri. Brilliant Minds pa NBC, momwe Zachary Quinto akusewera ngati dokotala wa matenda a ubongo pa chipatala cha ku Bronx, lakhazikika pa moyo ndi ntchito ya Oliver Sacks, dokotala amene anamwalira mu 2015 ndipo anali ndi vuto losatha kuzindikira nkhope za anthu. Gawo loyamba limaonetsa dokotalayu akuzembetsa wodwala matenda oiwala pa njinga yamoto kupita naye ku ukwati wa mdzukulu wake, kumene nkhalambayo imakhala pa piyano n'kukumbukira nyimbo. Cholinga chake n'chabwino, choonetsa wodwala ngati munthu osati ngati matenda chabe, koma seweroli limakonda kufotokoza ndi mawu zimene woonera waziona kale ndi maso. Doctor Odyssey pa ABC, lopangidwa ndi Ryan Murphy, ndi la dokotala wa m'sitima yapamadzi ya anthu olemera opita kokasangalala, ndipo sabata iliyonse sitimayo imakhala ndi alendo a mtundu wina ndi matenda odabwitsa atsopano. Silidzinamiza kuti ndi lozama, koma kwa ine kukongola kwa anthu ndi kwa nyanja sikunakwane kundibweretsanso sabata yotsatira.

Pa masewero a nthabwala sindichulutsa mawu. Happy's Place, momwe mayi McEntire amalandira bala ya malemu bambo awo ku Tennessee n'kupeza kuti theka lake ndi la mng'ono wawo amene sankamudziwa, lapangidwira anthu amene anakonda sewero lawo lakale, ndipo Melissa Peterman wabweranso kudzakhala pambali pawo monga kale. Silidabwitsa munthu koma silinamizanso. St. Denis Medical linayamba pa 12 Novembala, choncho m'mawa kwambiri kuti ndiliweruze, koma chipatala chake chosowa ndalama cha ku Oregon ndi anamwino ake otopa zikuoneka kuti zili ndi tsogolo, ngakhale kuti kalembedwe koti anthu azilankhula ndi kamera ngati akufunsidwa mafunso kagwiritsidwa ntchito kwambiri chiyambire The Office. Abbott Elementary la Quinta Brunson, lomwe lili mu sizoni ya 4, likadali patsogolo pa onse ogwiritsa ntchito njira imeneyi, chifukwa aphunzitsi ake a ku Philadelphia akula pamaso pathu ndipo tikudziwa chimene chimapweteka aliyense wa iwo.

Kudziwana ndi anthu a m'sewero kotereku n'kumene makampani a pa intaneti akulephera kupereka. Sindikukana kuti ena mwa masewero opangidwa mwaluso kwambiri m'miyezi ino achokera kumeneko ndi ku wailesi zolipira. The Penguin pa HBO, makamaka chifukwa cha Cristin Milioti, linali lamphamvu kuposa chilichonse chimene NBC kapena Fox yaonetsa, ndipo pa mphoto za masewero a pa TV za Emmy za mu Sepitembala Shōgun linatenga mphoto 18, chiwerengero chimene sichinachitikepo pa sizoni imodzi. Mwambo wa mphotowo unaulutsidwa pa ABC, koma wailesi zakalezi zinapambana komaliza mphoto ya sewero lozama labwino koposa mu 2006 ndi sewero lotchedwa 24, ndipo ya nthabwala mu 2014 ndi Modern Family. Komabe amene amanyoza CBS chifukwa chodalira mayina akale aziona kuti The Penguin lachokera m'nkhani za Batman, Agatha All Along m'nkhani za Marvel, ndipo nkhani ya Shōgun inaonetsedwapo kale pa NBC mu 1980. Mantha ali paliponse, kusiyana kwake n'kwakuti ena ali ndi ndalama zambiri zowabisira.

Masewero a pa intaneti amakhala ndi magawo 8 kapena 10, kawirikawiri amatulutsidwa onse tsiku limodzi monga momwe Netflix inachitira ndi Nobody Wants This kumapeto kwa Sepitembala, ndipo kenako woonera amadikira zaka ziwiri kapena zitatu. Severance linaonetsedwa mu 2022 ndipo sizoni yake yachiwiri ikubwera mu Januwale 2025. Pofika mu 2024, Stranger Things nalonso linali litaoneka komaliza mu 2022. Pofika nthawi imeneyo munthu amakhala ataiwala mayina a anthu a m'nkhaniyo. Sewero la magawo 18 kapena 22 pa chaka lili ndi magawo ena ofooka, zimenezo n'zoona, koma lili ndi malo oti gawo lathunthu liperekedwe kwa munthu wamng'ono wa m'nkhani, malo a gawo la tchuthi cha Thanksgiving, ndi malo oti anthu awiri ayambe kukondana pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Mu 2023 sewero limene anthu a ku America analionera kwambiri pa intaneti linali Suits, sewero la maloya limene linatha mu 2019 lili ndi magawo 134, ndipo mayina ngati NCIS ndi Grey's Anatomy sachoka pa ndandanda ya Nielsen ya oonedwa kwambiri pa intaneti. Kafukufuku wa wailesi ya FX anapeza kuti masewero olembedwa anatsika kuchoka pa pafupifupi 600 mu 2022 kufika pa 516 mu 2023, ndipo Netflix ndi Amazon, omwe ankanyadira kuti alibe malonda, tsopano akutsatsa malonda. Amene anabwera kudzagwetsa wailesi zakale akuyamba kufanana nazo, ndipo wailesizo nazo zimaika masewero awo pa Hulu, Peacock ndi Paramount+ tsiku lotsatira.

Chodandaula changa chachikulu pa sizoni ino n'chakuti masewero sakulemekezedwa pa ndandanda ya wailesi zawo zomwe. Mpira wa chiAmerica wa ligi ya NFL ndi umene umakopa anthu ochuluka kuposa china chilichonse, ndipo NBC Lamlungu usiku komanso ABC m'masabata ambiri Lolemba usiku zaupatsa nthawi yabwino koposa. Pa CBS masewero a Lamlungu amayamba mochedwa mpira wa masana ukapitirira nthawi. Chaka chino chisankho cha pulezidenti cha pa 5 Novembala chinasokonezanso zinthu, komanso CBS inachedwetsa masewero ake ambiri mpaka pakati pa Okutobala, ndipo Matlock linaonetsedwa gawo loyamba pa 22 Sepitembala kenako n'kusowa mpaka pa 17 Okutobala. Ubwino wa wailesi zakale ndi chizolowezi chokumana ndi sewero tsiku lomwelo ndi ola lomwelo sabata iliyonse, ndipo wailesi imene ikusokoneza chizolowezi chimenechi ikuphunzitsa oonera ake kuti azingodikira kudzaonera pa intaneti.

Nkhani ya Blue Bloods ikuonetsa kuti kuvomereza oonera achikulire kuli ndi malire. Seweroli, la banja la apolisi a ku New York, lakhala pa CBS kuyambira 2010 ndipo likutha mu Disembala 2024 pambuyo pa masizoni 14, ngakhale kuti likadali ndi oonera ambiri Lachisanu usiku, ngakhalenso kuti ochita zisudzo ake anavomera kuchepetsedwa malipiro kuti sizoni yomalizayi itheke, ndipo a Tom Selleck, omwe amatsogolera seweroli, ananena poyera kuti sakugwirizana ndi chigamulo cholithetsa. Sewero likakalamba limadula, chifukwa malipiro a anthu ake amakwera chaka ndi chaka, ndipo kujambula mumzinda wa New York si kotsika mtengo. Sindinagwirizane ndi zonse zimene seweroli limanena zokhudza apolisi, amene kawirikawiri limawaonetsa ali olungama kuposa momwe nkhani zenizeni zimasonyezera. Koma chakudya cha Lamlungu chimene banja la Reagan limadyera pamodzi m'gawo lililonse, pamene agogo, bambo, ana ndi zidzukulu amakangana za chilungamo cha mlandu wa sabatayo popanda wina kuchoka patebulo, ndi chinthu chimene palibe sewero latsopano la chaka chino limene lachiyesa.

Mu Januwale ndi Febuluwale 2025 kukubwera gulu lachiwiri la masewero atsopano, ndipo mayina ake akupitiriza zomwezi. NBC ikubweretsa Suits LA pofuna kukolola pa kutchuka kwa Suits, CBS ili ndi Watson, momwe mnzake wa Sherlock Holmes wasanduka mkulu wa chipatala cha matenda osowa, Fox ili ndi Doc lomwe lachokera ku sewero la ku Italy, ndipo ABC ikubwezeretsa a Tim Allen m'sewero lina la nthabwala za m'banja. Pa amenewa ndikukayikira kwambiri Suits LA, chifukwa chimene anthu anakonda mu Suits chinali anthu ake amene anawazolowera m'magawo 134, ndipo ambiri mwa anthu amenewo sadzakhalamo.